Khomo Loyang'ana ku Mwera

Tsiku limenelo nkhungu inatsika m'phiri la Dedza m'mawa ndipo sinabwererenso. Kunali mawawa aja ooneka ngati sanyowetsa, koma ukayenda nawo kamtunda umapeza nsalu yakumamatira kumsana. Unali mwezi wa Julayi. Kuboma lipenga la asikali linali litangolira kumene, ndipo chifukwa cha nkhunguyo linkamveka ngati lili kuseri kwa chulu chapafupi. Kumunsi kwa njira amayi awiri ankasinja mumtondo umodzi, wina akutsitsa munsi wina akukweza. Ndinkamvanso nkhwangwa kunkhalango, ndi khanda likutsokomola penapake. Chifuwa cha khandalo ndinachimva ndisanaone nyumba imene chinkachokera.

Ndinali nditasenza mtolo wa luzi, chikwakwa chili m'manja. Ndinkapita kuboma kukafolera nyumba, ntchito imene ndinkagwira chaka ndi chaka. Njira yochokera kwathu ku Linthipe inkadutsa m'mphepete mwa mudzi wa malemu mkazi wanga, kumene ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi monga mkamwini. Ndinkayembekeza kuona bwinja, mulu wa dothi ndi udzu wowola pamene panali nyumba yathu. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikafika pamenepo ndiyang'ane kumbali. Koma nditangotulukira pamtengo wa msuku umene unali polowera m'mudzi, ndinaona nyumbayo ili chiimire, utsi ukufuka m'denga.

Ndiyambe ndafotokoza za nyumba za nthawi imeneyo, nkhondo ya Azungu isanayambe, boma likadali laling'ono ndipo paphiri pasanadzalidwe mitengo ya paini. Makolo athu sankadziwa kuti nyumba ingagulidwe kapena kulipiridwa. Munthu ankadula mitengo, anzake n'kumuthandiza kukweza denga, akazi n'kumata, basi. Mlendo ankagona ulere. Koma boma litakhazikika m'tsinde mwa phiri, kunayamba kubwera anthu amene sanali alendo a munthu aliyense: amesenjala, ophikira Azungu, akapitawo, amtengatenga odikira katundu, ndiponso amuna ofuna ntchito ya mwezi umodzi kuti apeze ya msonkho. Nyumba za boma sizinkawakwanira. Otsalawo ankapempha malo m'midzi yapafupi. Masiku ano amati lendi. Ife tinkangoti kugoneka munthu, ngakhale kuti wogonekedwayo ankasiya kanthu mwezi ukatha.

Ine wofolera ndinkaona mmene zinthuzi zinkasinthira mwezi ndi mwezi kuposa eni nyumba omwe, poti ndinkayenda m'makomo ambiri. Mu Januwale ndi Febuluwale panalibe wofuna nyumba. Aliyense anali kwawo ndi khasu, mitsinje itadzaza, katundu osayenda. Nyumba zogonekamo anthu zinkakhala zopanda moto, mbuzi n'kumabisalamo mvula. Wobwera nthawi imeneyo ankachita kusankha, n'kupereka kachikho ka mchere, mwini nyumba n'kuwomba m'manja mothokoza. Malichi unali mwezi umene nyumba zodontha zinkadziwika, ndipo eni ake ankandilonjeza kuti chaka chino andiitana msanga, zimene ankaiwala dzuwa likangowala. Mu Epulo mvula ikamakata alendo ankayamba kufika mmodzimmodzi. Mu Meyi udzu unkauma ndipo ine ntchito inkayamba. Mu Juni anthu atakolola, njira ya kuboma inkadzaza.

Koma Julayi ndiye anali mwini nkhani. Chisanu cha ku Dedza mu Julayi sichilola munthu kugona mumsasa wa masamba. Nyumba ija imene mu Febuluwale inkapita ndi kachikho ka mchere, mu Julayi inkafuna nkhuku, kapena mkwamba wa nsalu, ena mpaka ndalama yeniyeni. Ndinaonapo munthu atatulutsa mbuzi m'khola, n'kuzira pansi, n'kugonekamo wophika wa Mzungu. Mu Ogasiti zinthu zinkakhala zolimbabe. Kukayamba kufunda mu Sepitembala, amuna opanda mabanja ankatuluka n'kukadzimangira misasa, ndipo pofika Okutobala, pamene munthu angathe kugona pansi pa mtengo, eni nyumba ankayamba kulankhula mofatsa. Mu Novembala bingu loyamba likangogunda, mudzi unkapepuka ngati msika wabalalika. Mu Disembala mbuzi zinkabwerera m'malo mwake.

Nyumba yathu sinali ya zimenezi. Ndinaimanga chaka chimene ndinakwatira, yozungulira, ya khonde lotambalala. Mitengo yake ndinakasankha ndekha ya muwanga, imene chiswe sichiifulumirira. Nyumba zonse za m'mudzimo makomo ake ankayang'ana pabwalo, koma ine ndinaika khomo chakumadzulo, kuti mphepo ya mwera, imene imawomba mwezi wa chisanu kuchokera kummwera chakum'mawa, izimenya kumsana kwa nyumba. Alamu anga aakulu, mlongo wake wa mkazi wanga amene anali mwini mbumba, anandiseka nazo chaka chathunthu.

"Taonani mkamwini wathu," ankatero. "Asanalime ndi mzere umodzi womwe, nyumba yake yatifulatira kale!"

Koma Julayi akafika ankabwera kudzawotha moto kwathu, ati kwawo utsi unkawazungulira m'maso.

Kumata anamata mkazi wanga. Dothi lisanaume, anatenga zala zitatu n'kukoka mizere yokhotakhota mkati mwa nyumba, mbali zonse ziwiri za khomo, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nditamufunsa chimene ankajambula anati palibe, dzanja langofuna. Munali m'nyumba imeneyo mmene munabadwira ana athu awiri, ndipo onse awiri tinawaika asanayambe kuyenda. Munalinso mmenemo mmene tinkabwereza mapemphero amene mphunzitsi wochokera kumishoni ankatiphunzitsa pansi pa mtengo, iye akundikonza mawu, chifukwa mutu wake unkagwira msanga kuposa wanga.

Anadwala chifuwa mu Febuluwale, mvula ili pakati. Mphunzitsi anamubatiza kutatsala masiku awiri kuti atisiye. Anamwalira masana, mutu wake uli pamwendo panga, chitseko chili chotsegula chifukwa anapempha kuti aziona chimanga.

Mwambo wa kumeneko unali woti nyumba imene mwafera munthu wamkulu imatsekedwa, ndipo mowa wa kumeta ukatha imagwetsedwa, kuti mzimu usamabwerere kudzafuna malo ake. Mkamwini amasudzulidwa, ndiye kuti abale a mkazi amamumasula kuti abwerere kwawo. Zonsezi ndinkazidziwa. Komabe kutatsala sabata kuti timete, ndinapita kwa alamu anga n'kukhala pansi.

"Alamu, ndili ndi pempho limodzi. Nyumbayi musagwetse. Ndiloleni ndizikhalamo. Munda wa amayi ndizilima monga kale, ndipo sindidzapemphanso china."

Iwo anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Alamu, inu ndinu munthu wabwino, palibe angatsutse. Zaka zonsezi simunatukwanepo ndi nkhuku yomwe. Koma mukufuna mlongo wanga azibwera kudzatifunsa chifukwa chake sitinatsanzikane naye bwino? Za kukalasi kwa mphunzitsi wanuyo n'zanu. Mudzi uno ndi wathu. M'nyumba ya maliro simugona munthu."

Ndinapempha kuti akafunse apongozi anga. Ine ndi apongozi tinkapewana monga mwa mwambo. Zaka zisanu ndi zinayi sitinayang'anizanepo nkhope. Tikakumana panjira, wina ankalowa patchire. Tsiku limenelo anali kuseri kwa nkhokwe akutongola chimanga, ndipo anali atamva zonse. Sanadikire kufunsidwa.

"Auzeni apite," anatero, akulankhula kwa mwana wawo. "Mwambo ndi mwambo."

Sindinalimbane nawo. Ndinangopempha kuti tsiku logwetsa adzanditumizire uthenga, ndidzakhalepo. Anavomera. Mu Meyi tinameta, anandipatsa nkhuku ndi khasu langa, n'kundiperekeza mpaka pamtengo wa msuku uja. Uthenga sunabwere. Ndinaganiza kuti anandimvera chisoni, sanafune ndione. Kwathu ndinkagona m'kanyumba ka mphwanga, ndipo m'maganizo mwanga nyumba ija ndinaigwetsa ndekha kambirimbiri, mpaka ndinayamba kuzolowera.

N'chifukwa chake m'mawa uja wa Julayi ndinaima pansi pa msuku ngati mwendo wagwidwa ndi msampha.

Ndinasendera pafupi. Pamene panali khomo panali khoma. Anali atalukapo timitengo n'kumata, ndipo dothi latsopanolo linali lofiira pakati pa lakale lotuwa, mwakuti khomo linkaonekabe ngati chipsera. Ndinazungulira. Kuseri, mbali yeniyeni ya mwera, anali atabowola khomo lina, lopapatiza ndi lopendekera. Chitseko changa cha nsungwi anachidula m'mbali kuti chikwanepo, koma sichinakwane. Mphepo inkalowa ngati kwawo.

Pakhomopo panali mayi wachilendo atanjuta, khanda lili kumsana, atadzikulunga ndi nsalu imodzi yopyapyala. Anandipatsa moni ndi kalankhulidwe ka anthu a kuchigwa, kumene chisanu amangochimva m'nkhani.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mukufuna bambo a kuno? Anapita pa ulendo ndi Mzungu, iwo ndi amesenjala. Sindikudziwa tsiku lobwera."

Ndinayankha moni, ndinati ndasokera khomo. Khanda linatsokomolanso.

Alamu anga ndinawapeza pakhonde pawo akusema mpini. Atandiona nsompho inaima m'mwamba.

"Aa, alamu! Kuzizira konseku? Tambala wakale saiwaladi khola. Akazi anga, tengani mphasa, kwabwera alamu!"

"Musavutike ndi mphasa. Ndimati ndione bwinja."

"Bwinja?"

"La nyumba ija munagwetsa."

Anaika nsompho pansi, n'kuyang'ana mpini ngati pali chimene chalakwika.

"Tinagwetsa, alamu."

"Nanga utsi uwo ukufuka pachulu?"

"Khalani pansi kaye, musalankhule chiimire ngati msilikali. Tinagwetsa ndithu. Tinaitana adzukulu omwe anakumba manda aja. Anakwera padenga n'kuzula udzu wa pansonga, n'kuutaya kudambo. Mafuwa onse atatu anawachotsa. Khomo analitseka. Mawu onse oyenera ananenedwa. Mlongo wanga akabwera apeza khoma, adziwa kuti nyumba yake kulibe, abwerera. Iyo mukuionayo ndi ina."

"Mitengo yake ndinadula ndine."

"Mitengo ndi mitengo. Nyumba ndi khomo, alamu. Inu omanga mukudziwa kuposa ine."

"Munandiuza kuti m'nyumba ya maliro simugona munthu."

"Eya, ndipo simunagone munthu m'nyumba ya maliro."

Ananena zimenezi akundiyang'ana m'maso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankazikhulupirira zonse kapena theka. Ndinawafunsa ngati mlendoyo anasiya kanthu. Anati anasiya, nanga Julayi? Zina zinapita kumsonkho, zina, sanabise, anagulira mowa adzukulu aja. Kenaka anatsitsa mawu.

"Alamu, mayi uja sakudziwa kuti munafera munthu. Chonde pakamwa panu. Mukangomuuza, mawa athawa. Ndipo m'mudzi muno alipo ong'ung'udza kale kuti tinachita mwachidule. Akangoona kuti mlendo wathawa, adzati mzimu wamuthamangitsa, ndipo tidzagwetsa zenizeni."

Apa ndiye ndinadziwa kuti nyumba ija, imene ndinaichonderera n'kukanizidwa, tsopano inali palilime panga. Mawu amodzi okha kwa mayi uja, ikanagwa sabata lomwelo. Ndipo ndinene zoona, mbali ina ya mtima wanga inkafuna igwe. Ndinkati kuli bwino ikhale dothi kusiyana n'kuti pamene panagona mkazi wanga pazigona anthu osamudziwa, ndi kuti alamu anga azimwera mowa thukuta langa. Mbali ina inkangofuna kubwerera pansi pa msuku n'kukayang'ananso denga lija.

Sindinalonjeze kanthu. Ndinasenza luzi langa n'kupita kuboma.

Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi ndikufolera khitchini ina kumeneko. Munthu ukakhala padenga umaona zambiri. M'mawa uliwonse ndinkaona amtengatenga akutuluka m'misasa yawo m'mphepete mwa msewu, atafunda masaka, n'kukandandalika pathanthwe kudikira dzuwa ngati abuluzi. Ndinkaona akazi awo akuyenda khomo ndi khomo m'midzi ya m'munsi, n'kumabwerera mitolo ili pamutu. Zimenezi ndinkaziona chaka chilichonse, koma kale ndinkaziona ngati nyengo chabe, monga mmene munthu amaonera udzu ukuuma. Chaka chimenecho ndinkawerenga nkhope.

Ndinkapempheranso, koma pemphero lija la tsiku ndi tsiku linkandikanika ndikafika pamene limakamba za kukhululukira anzathu. Ndinkalumpha pamenepo n'kupitiriza, ngati munthu wolumpha ngalande. Ndipo pakati pa zonsezi chimene sichinkachoka m'makutu mwanga chinali chifuwa cha khanda lija. Ndinkadziwa chimene chinkalitsokomoletsa. Linali khomo.

Lamulungu titatuluka m'mapemphero ndinabwerera kumudzi kuja. Nkhungu inali itachoka, koma mwera unkawomba mwamphamvu, masamba ouma a chimanga akuchita phokoso m'minda. Ndisanafike panyumbayo ndinamva mawu kuseri kwa nkhokwe.

"Imani pomwepo. Musazungulire."

Anali apongozi anga. Aka kanali koyamba kulankhula kwa ine popanda munthu wapakati. Ndinaima, n'kufulatira nkhokwe, monga kunali koyenera.

"Mwana wanga wakuuzani kuti ndi iye anaganiza za khomo?"

"Sananene, amayi."

"Ndine. Tsiku logwetsa litafika, adzukulu atabwera ndi nkhwangwa, ndinalowamo kukachotsa mbiya. Ndinaona zala zake pakhoma paja. Ndinatuluka n'kuwauza kuti wogwetsa ayambe wagwetsa ine. Ndiye anayamba kufunafuna njira. Za mlendo zinabwera pambuyo. Izo ndiye za mwana wangayo ndi mmero wake."

Kenaka ndinafunsa chimene chinali chitandidya masiku onse aja.

"Nanga bwanji ine munandikaniza, amayi?"

Chimanga chimene ankatongola chinaleka kugwera m'lichero.

"Inu mukadali mwamuna. Mukanalira chaka chimodzi, ziwiri, kenaka mukanalowetsamo mkazi wina. Akanazira pansi mwatsopano, akanamata khoma mwa kufuna kwake, ndipo ine ndikanamamuona tsiku ndi tsiku akutuluka pakhomo la mwana wanga. Mlendo ndi mame. Mvula ikagwa apita."

Sindinakwatirenso moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo sindikanatha kulumbira kuti zidzatero, ndipo iwonso sakanadziwa. Ndinangoti, "Ndamva, amayi."

Mayi wachilendo uja ndinamupeza mkati, chitseko atachitchinjiriza ndi mtondo kuti mphepo isachikankhe. Ananditsegulira n'kundiyalira chikopa. Kanali koyamba kulowamo chichokere mu Meyi. Mafuwa anali ena, fungo linali lina. Koma kutsogolo kwanga, mbali zonse ziwiri za dothi lofiira lija, mizere ya zala zitatu inali pomwepo.

"Bambo, tsiku lija munati mwasokera khomo," anatero. "Koma anthu osokera sayang'ana denga mmene munkayang'anira inu. Munamanga ndinu?"

"Ndine."

"Nanga apo panali khomo, bwanji anatseka?"

Alamu anga anali atafika kale panja, ndinkaona mapazi awo pansi pa chitseko. Ndinali nditaganiza masiku asanu ndi limodzi, ndipo chimene ndinapeza chinali chimodzi chokha: sindingasunge nyumba ya mkazi wanga ndi bodza. Ngati igwe, igwe.

"Mayi, muno munamwalira mkazi wanga mu Febuluwale. Anagona apo pali mphasa yanupo. Anafa imfa yabwino, ya matenda, wopanda chifukwa ndi munthu. Khomo analitseka kuti mzimu wake usapeze polowera. Ndaona kuti n'kosayenera kuti muzigona muno osadziwa."

Panja ndinamva alamu anga akuusa moyo ngati ng'ombe.

Mayiyo anasuntha khanda n'kuliika pabere.

"Zimenezo ndiye mwavutikira ulendo wonsewu? Bambo, ine ndimatunga madzi pachitsime chimodzi ndi akazi a m'mudzi muno. Anandiuza tsiku loyamba, ndisanatule ndi mtsuko womwe."

Chitseko chinatseguka, mutu wa alamu anga n'kulowa.

"Mumadziwa?"

"Nanga inu abambo mumayesa pachitsime timakambirana za mvula?"

"Ndiye osathawa?"

"Ndithawire kuti mwezi uno? Ndinayenda midzi itatu mwana ali kumsana. Kwina anandisonyeza khola la nkhumba. Ine m'mawa uliwonse ndikamasesa ndimawapatsa moni eni nyumba, ndimati, mayi, tagona bwino m'nyumba mwanu, zikomo. Sanandivutepo. Chondivuta ine ndi mphepo iyi. Amene anabowola khomo ili anali ataledzera kapena amadana ndi ana?"

Ine ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirire mkazi wanga, ndipo ndinachita nako manyazi.

"Mayi," ndinatero, "mukalola, nditsegula khomo lakale n'kutseka ili. Mphepo isiya lero lomwe."

"Iyayi, alamu, iyayi!" anatero alamu anga. "Mukatsegula pamenepo ndiye kuti nyumba ija yadzukanso. Mlongo wanga adzalowa!"

"Akalowa, alowa m'nyumba mwake. Munamuonapo akuthamangitsa mlendo? Inu nomwe munkadya muno Julayi yense."

"Zimenezo n'zina. Anthu adzati chiyani?"

"Ine ndilibe nawo mantha," anatero mayi uja. "Mwina adzandithandiza kulera."

Tinakangana pang'ono, iwo akubwereza za anthu, ine ndikubwereza za mphepo. Kenaka kunja, chapatali ndithu, kunamveka mawu a apongozi anga, amene anali atasuntha kuchoka kunkhokwe kufika kuseri kwa nyumba yoyandikana nayo.

"Auzeni atsegule."

Linali Lamulungu, ndipo sindinkagwira ntchito tsiku limenelo. Ndinaima kanthawi chikwakwa chili m'manja. Khanda linatsokomola. Ndinaganiza kuti mlandu umenewo ndikaufotokoza ndekha kwa mphunzitsi, ndipo ndinayamba kugumula dothi lofiira lija, pang'onopang'ono, kuti mizere ya m'mbali isakhudzidwe. Alamu anga anaonerera mpaka dzuwa litapendeka, kenaka anapita kukatenga khasu n'kuyamba kuponda dothi lotsekera khomo lawo lija. Chitseko chinali chitachepa chifukwa cha kudula kuja, choncho ndinachiwonjezera nsungwi zitatu. Pamene ndinkachoka, utsi m'nyumbamo unkakwera mowongoka.

Ong'ung'udza anang'ung'udza sabata ziwiri. Palibe chinachitika, ndipo analeka. Mayi uja anakhala mpaka Novembala. Bingu litagunda, mwamuna wake anasamutsidwa, ndipo anapita khanda litanenepa. Mu Disembala apongozi anga anamanga chitseko ndi luzi kuti mbuzi zisalowe. Sindinapemphenso kukhalamo, ndipo iwo sanandiitane. Koma chaka chilichonse mu Juni, popita kuboma, ndinkapatuka n'kukonza denga lake, osalandira kanthu, ndipo mu Julayi munkalowa mlendo wina. Munagonapo wophika, munagonapo kapitawo wa msewu ndi akazi ake, munagonaponso amtengatenga asanu nthawi imodzi m'zaka za nkhondo. Aliyense apongozi anga ankamutumizira mawu amodzimodzi: khoma la pakhomo asamate. Nyumbayo inadzagwa yokha patapita zaka zambiri, mvula ya mu Febuluwale, mulibe munthu. Nthawi imeneyo n'kuti apongozi anga atamwalira kale.

Palibe mmodzi wa iwo anabwera kudzandipepesa. Alamu anga mpaka ukalamba wawo ankanenabe kuti nyumba ija anaigwetsa, ine ndi amene ndinaidzutsa. Zimene anandichita zinali zoona: anandichotsa ndi mawu amene iwo eni sanawasunge, ndipo ndinagona miyezi iwiri ndikulira nyumba imene inali chiimire. Zinalinso zoona kuti akanasunga mawu awo, mizere ya zala ija ikanakhala dothi chaka chomwecho. Ziwirizi ndinazitembenuza nthawi yaitali ndili pamadenga a anthu, ndipo sizinagwirizane. Koma tsiku lina ndikupemphera ndinazindikira kuti ndadutsa pangalande paja osalumpha.

Ndinawakhululukira.